Al-Khalil ibn Ahmad, mphunzitsi amene ankalawa zilembo

Mwana wa Fomu 1 amene madzulo ku madrasa amatchula bwinobwino tha ndi dhal, nsonga ya lilime itagunda mano a m'mwamba, m'mawa mwake m'kalasi ya Chingerezi amayamba mawu akuti think ngati akufuna kunena thumba. Anzake akamuseka, amasiyiratu kukweza mkono. Izi timaziona sabata ndi sabata pano pa Chonde, ndipo n'chifukwa chake mwezi uno tikukumbukira Al-Khalil ibn Ahmad al-Farahidi, Allah amuchitire chifundo.

Anabadwira ku Oman cha m'chaka cha 718, koma moyo wake wonse wa maphunziro unali ku Basra, m'dziko la Iraq. Ankakhala m'kanyumba ka bango, pamene ena mwa ophunzira ake ankalemera ndi nzeru zimene anatapa kwa iye. Olemba mbiri amasimba kuti bwanamkubwa wina atamuitanitsa kuti akaphunzitse ana ake, iye anangoonetsa mthengayo mkate wouma umene unali m'nyumbamo, nakana kupita.

Ntchito yake yaikulu ndi Kitab al-Ayn, buku loyamba lotanthauzira mawu a Chiarabu, limene linafika kwa anthu kudzera mwa wophunzira wake Al-Layth ibn al-Muzaffar. Sanayambe ndi alif monga timayambira ife. Ankatsegula pakamwa ndi alif kenako n'kuimitsa mawu pa chilembo chimene akufuna kuchidziwa, ab, at, akh, kuti amve pamene mpweya watsekeka. Uku ndiye kulawa kwake. Atatero anandanda zilembo kuchokera pakhosi, kudutsa kumbuyo kwa lilime, mano, mpaka pa milomo pamene pali ba ndi mim. Bukulo linatenga dzina la ayn poti ndicho chilembo chimene anaika patsogolo.

Mashehe athu akamaphunzitsa makhraj 17, amatsata chiwerengero chimene mabuku a tajwid amati n'cha Al-Khalil, chomwenso Ibn al-Jazari anadzasankha patapita zaka mazana. Wophunzira wake wotchuka, Sibawayh, anawerenga 16. Maonekedwe a fatha, kasra, damma ndi shadda amene ana athu amalozera ndi chala mu Qur'an amatinso anakonza ndi iye. Kale lonse ankalemba ndi timadontho.

Nanga Chingerezi chikubweramo bwanji? Phokoso loyamba la think ndi tha yemwe uja, ndipo loyamba la this ndi dhal. Mwanayo alibe vuto la lilime. Chimene chikumusokoneza ndi maso, popeza m'Chichewa zilembo ziwirizi zimaimira phokoso la thumba ndi thobwa. Chimodzimodzinso l ndi r. Kwa ife ziwirizi sizisintha tanthauzo la mawu, koma kwa Mngelezi pray ndi play ndi zinthu zotalikirana, ndipo Msilamu sangakonde kuzisakaniza! Komatu mwana yemweyo sasokoneza lam ndi ra akamawerenga Fatiha, chifukwa shehe anamuonetsa pamene lilime liyenera kukhala. Tivomereze kuti r ya Chingerezi sinjenjemera ngati ra. Ngakhale zili choncho, khutu lozolowera kusiyanitsa ali nalo kale. Ife tikuona kuti kulamula kalasi kubwereza mawu kakhumi, osaifotokozera zochitika m'kamwa, n'kutaya nthawi. Aphunzitsi a Chingerezi ndi a madrasa akanakhala pansi limodzi ngakhale kamodzi pa teremu, ndipo komiti ya mzikiti ikhoza kuthandiza kuti zimenezi zitheke.

Khutu lomwelo ndilo linamupezetsa miyeso 15 ya ndakatulo za Chiarabu. Ena amati nzeruyi inamubwerera akumva nyundo za osula mkuwa pamsika.

Anamwalira ku Basra cha m'ma 786 kapena 791. Nkhani yofala ndi yakuti analowa mumzikiti akusinkhasinkha njira yowerengera ndalama, yoti mtsikana wotumidwa kumsika asamaberedwe ndi wogulitsa. Maganizo ali komweko, anaomba mutu pa mzati wa mzikitiwo, ndipo kuvulalako n'kumene kunamutenga.