Hussein al-Husayni, meya amene anatuluka ndi nsalu yoyera

Ife kuno nkhondo yoyamba ya dziko lonse timaidziwira pa manda a asilikali ali pa Karonga, amene anagwa pa 9 Seputembala 1914 Majeremani atawoloka malire kudzaukira boma. Nkhondo yomweyo inafikanso ku Jerusalem, kapena kuti al-Quds, mzinda wa Msikiti wa al-Aqsa womwe unali chibla choyamba cha Asilamu. Meya wa mzindawo panthawiyo anali Hussein al-Husayni.

Umeya sunali wachilendo kubanja kwawo, chifukwa bambo ake, a Salim, anakhalapo pampando womwewo. Iye anayamba mu 1909, mzinda uli pansi pa ufumu wa Ottoman wa Aturuki. Anayamba ndi ntchito zosatchukitsa munthu: kukonza misewu, kuchotsa zinyalala ndi kukumba ngalande za madzi oipa, mumzinda wokhalamo Asilamu, Akhristu ndi Ayuda.

Aturuki atalowa nkhondo kumbali ya Germany mu 1914, anyamata anatengedwa kunka kuusilikali. Mu 1915 dzombe linatera n'kumaliza minda, njala ndi miliri zinatsatira. Chaka chomwecho Hussein anatsogolera bungwe la Red Crescent mumzindawo.

Tsiku lomwe amakumbukiridwa nalo ndi 9 Disembala 1917. Asilikali a Aturuki anali atachoka usiku. Bwanamkubwa Izzet Bey anasiya kalata yopereka mzinda kwa Angerezi, ponena kuti mabomba angagwere malo opatulika, ndipo iye naye anachoka. Kalatayo inatsala m'manja mwa meya. Taganizani, ophunzira: zaka 400 za ulamuliro wa Aturuki zikutha, ndipo woti akanene zimenezi kwa adani ndi iwe. Akuluakulu a Aturuki anali atapita, koma iye sanathawe.

Anatenga nsalu yoyera yoyala pabedi, naimangirira kumtengo, natuluka kukafuna Angerezi. Kupereka mzinda kunavuta kuposa mmene munthu angaganizire. Asilikali oyamba kukumana nawo anali a maudindo aang'ono, osayenera kulandira kalata yotere, mpaka nkhani inakwera kukafika kwa Major General Shea. Chithunzi cha meya ataima ndi masajeni awiri a Angerezi, mbendera yoyera ili pambali, chilipo mpaka lero. Pa 11 Disembala General Allenby analowa pa chipata cha Jaffa akuyenda pansi.

Ena amaliona tsikuli ngati lamanyazi, ndipo zomwe zinadzagwera Apalestina pambuyo pake zimawawadi. Ine ndimaona kuti nkhondo anagonja ndi asilikali, osati meya. Chomwe chinatsala m'manja mwake chinali miyoyo ya anthu anjala ndi makoma a al-Aqsa, ndipo mkati mwa mzinda wakalewo simunamenyedwe nkhondo.

Sanakhalitse. Anamwalira kumayambiriro kwa 1918, Allah amuchitire chifundo. Mpando anatenga ndi m'bale wake, Musa Kazim al-Husayni, amene Angerezi anamuchotsa mu 1920.