Hugh Cairns, dokotala amene anaveka asilikali mahelemeti

Anzanga, musanathamangire m'kalasi taimani kaye pang'ono. Mukakwera kabaza wa njinga yamoto kuchoka pa boma kupita ku Kamwendo kapena ku malire a Mwami, mudzayang'ane pamene pakhala helemeti. Kawirikawiri imangolendewera pa handulo ngati chipanda, ndipo imakwera kumutu pokhapokha apolisi akaonekera kutsogolo. Inenso ndisaname, ndakwerapo kangapo mutu uli pamtetete. Ndiye sabata ino ndati ndikuuzeni za munthu amene anavutikira chipewa chimenechi. Si Mmalawi ayi, ndipo pamayeso a MANEB mwina simudzamupeza, koma nkhani yake ikukhudza mitu yathuyi.

Dzina lake ndi Hugh Cairns. Anabadwa pa 26 June 1896 ku Port Pirie m'dziko la Australia, nakulira m'katauni kakang'ono ka Riverton. Sanali mwana wa bwana. Nzeru za m'kalasi ndi zimene zinamutengera ku Adelaide, kusekondale kenako kuyunivesite, kukaphunzira udokotala. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itabuka anasiya sukulu mu 1915 n'kulowa usilikali, kumbali ya azachipatala. Anamutumiza pa chilumba cha Lemnos, kumene ankatutirako asilikali ovulala pa nkhondo ya ku Gallipoli. Anadwalira komweko, nabwerera kwawo, n'kumaliza maphunziro mu 1917. Chaka chomwecho anapata mwayi wa sukulu yaulere ku Oxford, pa ndalama zimene anasiya Cecil Rhodes. Eya, Rhodes yemwe uja wa mu History, amene kampani yake inkalamulira ku Fort Jameson, pa Chipata pomwepa, nthawi imene kwathu kuno kunkatchedwa Fort Manning.

Za ku Oxford ndingodumpha, kupatula kunena kuti anali katswiri wopalasa bwato ndipo anakwatira mwana wa mkulu wa koleji yake ya Balliol. Chimene chinasintha moyo wake chinachitika mu 1926, pamene anapita ku Boston ku America kukakhala chaka chathunthu pamapazi a Harvey Cushing. Ameneyu anali chiphona pa opaleshoni ya ubongo. Pa nkhondo ija, asilikali oposa theka amene chipolopolo kapena chidutswa cha bomba chawalowa mu ubongo ankamwalira. Cushing anatsitsa chiwerengerochi kufika pochepera mmodzi mwa atatu alionse, ndipo sikuti anali ndi mankhwala odabwitsa. Ankatsuka balalo modekha, kuyamwa zonyansa ndi tizidutswa ta fupa ndi kapaipi kofewa, kukoka zitsulo ndi maginito, kenako n'kutseka bwinobwino. Komanso ankalemba chilichonse. Khalidwe lolemba limeneli Cairns analitenga n'kubwerera nalo ku London Hospital.

Tsopano mvetserani apa. Pa 13 May 1935, T. E. Lawrence, msilikali amene dziko lonse linkamudziwa ndi dzina loti Lawrence of Arabia, ankayendetsa njinga yamoto yamphamvu ya mtundu wa Brough Superior pafupi ndi kwawo ku Dorset. Pa msewupo panali kachigwa kamene kanamubisira anyamata awiri okwera njinga zakapalasa. Powazemba anagwa n'kumenyetsa mutu. Analibe chipewa. Munthu amene anapulumuka zipolopolo m'chipululu anagona chikomokere masiku 6 pa chipatala cha asilikali cha Bovington, namwalira pa 19 May ali ndi zaka 46. Cairns anali m'gulu la madokotala amene anaitanidwa kudzamuona. Luso lonse la ku Boston lija silinathandize kanthu, chifukwa ubongo unali utawonongeka kale pa msewu pomwepo, dokotala asanafike.

Mu 1937 anakhala pulofesa wa za opaleshoni ku Oxford. Nkhondo yachiwiri itayamba, boma linatenga koleji ya atsikana ya St Hugh's n'kuisandutsa chipatala cha asilikali ovulala m'mutu basi. Chinatsegulidwa mu 1940, ndipo pofika 1945 chinali chitalandira asilikali pafupifupi 13,000. Koma chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa oyamba kufika sanavulazidwe ndi adani. Anali anyamata onyamula makalata a usilikali pa njinga zamoto, amene ankathamanga usiku mumdima, chifukwa magetsi ankathimitsidwa poopa ndege za mabomba. Cairns anayamba kuwerenga. Anapeza kuti m'miyezi 21 yoyambirira ya nkhondo, anthu 2,279 oyendetsa ndi okwezedwa pa njinga zamoto anafa m'misewu ya ku Britain, ndipo chimene chinkapha ambiri ndi bala la m'mutu. Anaonanso kuti ochepa aja amene anagwa atavala chipewa ankafika ndi mabala ocheperapo. Analemba zimenezi mu British Medical Journal mu October 1941, ndipo mwezi wotsatira akuluakulu a usilikali analamula kuti msilikali aliyense wa pa njinga yamoto azivala helemeti. Atawerengeranso pambuyo pake, imfa za pa njinga zamoto pa mwezi zinali zitatsika.

Gawo limene limandisangalatsa ine ndi la Physics, ngakhale ena mumagona nthawi ya phunziroli. Cairns anagwira ntchito ndi katswiri wa sayansi dzina lake Holbourn. Iyeyu anaumba chifanizo cha ubongo ndi jelatini, chinthu chonjenjemera ngati phala lozizira, n'kuchiika m'chigoba chonga chibade, kenako n'kumachizunguza mwadzidzidzi. Mu 1943 anasonyeza kuti choopsa si kusweka kwa fupa kokha. Mutu ukapotoka mwamphamvu, chibade chimatsogola koma ubongo umatsalira, ndiye minyewa ya m'kati imakokeka n'kuduka. Amene mumatunga madzi ku mjigo mukudziwa zimene madzi amachita mu ndowa mukatembenuka mwadzidzidzi. N'chifukwa chake munthu atha kuvulala ubongo popanda ngakhale kadontho ka magazi kuoneka kunja. N'chifukwa chakenso helemeti yabwino imakhala yolimba ndi yosalala kunja, kuti mutu utsetsereke pa msewu m'malo mokodwa, ndipo m'kati imakhala yofewa kuti imwe mphamvu ya kugundako. Ikakhala yosamanga lamba wa pachibwano, imauluka mwini wake asanafike pansi.

Cairns anaonanso kuti nthawi imapha. Msilikali wolasidwa m'mutu akatenga masiku angapo asanafike kwa dokotala wodziwa, bala limalowa matenda. Ndiye anakonza timagulu ta madokotala ndi anamwino toyenda pa magalimoto okhala ndi zipangizo zonse za opaleshoni, kuti tizitsatira asilikali kufupi ndi kumene kukumenyedwa nkhondo. Kagulu koyamba kanagwidwa ndi asilikali a Germany ku France mu 1940. Ena akanagwa ulesi, koma iye anakonza tina, ndipo tinagwira ntchito kumpoto kwa Africa, ku Italy, ku India ndi ku Burma. Ku Burma komweko ndi kumene agogo athu a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anakamenya nkhondo mu 1944. Chaka cha 1943 Cairns anapita kumpoto kwa Africa ndi Howard Florey kukayesa penisilini pa mabala a asilikali, nthawi imeneyo mankhwalawa ali atsopano ndiponso osowa kwambiri. Mu December 1945 anamutengera pa ndege ku Heidelberg kukaona General Patton wa ku America, amene anathyoka khosi pa ngozi ya galimoto. Ameneyonso sanapulumuke.

Ku St Hugh's kuja, wodwala aliyense ankalembedwa mwatsatanetsatane: bala lili pati, akulankhula bwanji, akuona mbali iti, akukumbukira chiyani. Mnzake wa Cairns, Ritchie Russell, anasonyeza kuti kutalika kwa nthawi imene munthu amakhala wosokonezeka, osasunga chilichonse m'mutu pambuyo pa ngozi, kumaloza kukula kwa kuvulala kwake. Nkhondo itatha, asilikali aja anapitiriza kuwaitana zaka ndi zaka, ndipo katswiri wina, mayi Freda Newcombe, anawatsatira mpaka atakalamba. Ena anali ndi matenda akugwa, ena mawu ankawathawa, ena nzeru zinali bwinobwino koma kuzindikira nkhope kapena njira kunkawavuta. Kwathu kuno munthu wotere timafulumira kunena kuti wazungulira mutu kapena amulodza, osakumbuka kuti chaka chatha anagwa pa njinga. Ndipo timalakwitsanso china. Mnzathu akagwa n'kudzuka, n'kudzisasa fumbi, timati wapulumuka, tiyeni tizipita. Koma akayamba kusanza, kuwodzera kosadzutsika, kapena mutu kuwawa mowonjezereka, mwina magazi akuchucha m'kati mwa chibade. Ameneyo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo ngati pafunika opaleshoni, ulendo wa ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi wa makilomita oposa 100.

Mu 1946 mfumu ya ku Britain inamupatsa ulemu wa Sir. Chaka chomwecho analembanso kuti anthu wamba nawonso azivala zipewa, koma apa mawu ake sanamveke msanga. Msilikali umangomulamula, pamene munthu wamba amati mutu ndi wake, chipewa chimatentha, chimawononga tsitsi. Zifukwa zomwezi timazimva pa siteji lero lino. Zaka zake zomaliza anazithera pofufuza mmene mankhwala a streptomycin angachizire TB youmitsa khosi. Anadwala khansa, namwalira ku Oxford pa 18 July 1952 ali ndi zaka 56 zokha.

Boma la Victoria, kwawo ku Australia, linakhazikitsa lamulo la helemeti mu 1961. Dziko la Britain, kumene anagwirako ntchito yonseyi, linadikira mpaka 1973, patapita zaka 21 mwini wake ali m'manda.