DANIEL KACHAMBA: GITALA LOMWE SILINATHERE M'MANDA

MILANGE: Akuluakulu a m'midzi ya m'malire muno, amene adakula akumvera wailesi ya MBC ya kutsidya, dzina la malemu Daniel Kachamba akulidziwa bwino. Mkuluyu adamwalira m'chaka cha 1987, koma gitala lake likumvekabe mpaka lero chifukwa padapezeka anthu ojambula nyimbo zake ndi kuzisunga.

Kachamba adabadwa m'chaka cha 1947 ndipo kwawo kudali m'mudzi mwa Singano, pafupi ndi Chileka m'boma la Blantyre. Ali mnyamata, banja lawo lidakakhala ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, monga momwe mabanja ambiri a kuno ankapitira kukafuna ntchito. Kumeneko ndi komwe adamva kwela, nyimbo za chitoliro chachitsulo zochokera ku Joni, zomwe Spokes Mashiyane adatchuka nazo m'zaka za m'ma 1950.

Kwela naye adali ndi kholo lake. Anyamata a m'makomboni a Johannesburg ankamvera jazi wa anthu akuda a ku America pa mbale za galamafoni ndi m'kanema, ndipo posowa ndalama zogulira malipenga, ankatsanzira ndi chitoliro chotchipa.

Banjali litabwerera kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Daniel adayambitsa gulu loimba pamodzi ndi mng'ono wake Donald, amene ankaliza chitoliro. Zida zawo zidali gitala, chitoliro, chisekese ndi besi ya chingwe chimodzi chomangirira pa bokosi. Ankaimba m'misewu ndi m'malo achisangalalo, anthu n'kumawaponyera makobidi. Gitala lake Daniel ankaliza ndi nsambo zisanu m'malo mwa zisanu ndi imodzi, nazikunga mwa njira yakeyake.

M'chaka cha 1967, katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, adawapeza anyamatawa akuimba mu Blantyre. Adawajambula mawu ndi kanema yemwe, pambuyo pake n'kulemba buku lonena za gulu lawo. M'chaka cha 1972 abale awiriwa adakaimba ku Nairobi ndi ku Ulaya. Kumudzi anthu adayamba kumutcha Daniel kuti Dokotala, ndipo nyimbo zake monga Dolosina Lumba zidafika patali.

Imfa idamupeza ali ndi zaka 40 zokha. Nthawi imeneyo anthu ambiri a ku Milange adali othawa nkhondo ku Mulanje ndi madera oyandikira, atawoloka pa Muloza kuyambira m'chaka cha 1986, ena osatenga ngakhale wailesi.

M'chaka cha 1992, chomwe mtendere udasainidwa ku Roma, ku Malawi kudatuluka kaseti yachikumbutso ya nyimbo za Kachamba, yochokera pa matepi omwe adasungidwa. Mng'ono wake Donald adapitiriza kuimba kwela mpaka imfa yake m'chaka cha 2001.

Kusunga nyimbo motere si kwachilendo kwa anthu okonda jazi. Ku America, Charlie Parker, mmodzi mwa omwe adayambitsa mtundu wa jazi wothamanga wotchedwa bebop, adamwalira m'chaka cha 1955 ali ndi zaka 34. Munthu wina womukonda, Dean Benedetti, ankamutsatira m'malo oimbira m'zaka za 1947 ndi 1948 ndi makina ojambulira mawu. Zojambulazo zidakhala zobisika zaka zoposa 40, kufikira kampani ya Mosaic idazitulutsa m'chaka cha 1990, ndipo otolera mbale zakale za jazi amazisunga ngati chuma.

Kusiyana kwake n'kwakuti nyimbo za Parker zimatulutsidwa mobwerezabwereza, pomwe za oimba a kuno zikatayika kamodzi ndiye kuti zapita. Oliza gitala, bangwe ndi valimba ambiri a m'zigawo zino adalowa m'manda ndi nyimbo zawo chifukwa padalibe wowajambula. Kachamba adachita mwayi.

Choncho banja lomwe lili ndi kaseti kapena mbale yakale m'sutikesi lisaitaye kapena kupatsa ana kuti aseweretse. Dzuwa, fumbi ndi chinyontho cha nthawi ya dzinja ndi zomwe zimaononga tepi. Ndi bwino kuisunga pouma, kulemba dzina la woimba ndi chaka, ndi kupempha achinyamata odziwa kompyuta kuti aikope tepiyo isanaduke.