Janusz Korczak, dokotala wa ana amasiye a ku Warsaw

Dzina lake lenileni linali Henryk Goldszmit. Anabadwira m'banja lachiyuda mumzinda wa Warsaw ku Poland. Bambo ake, omwe anali loya, anadwala misala n'kumwalira mu 1896, ndipo mnyamatayu ankaphunzitsa ana a eni kuti banja lipeze chakudya. Dzina loti Janusz Korczak analitenga atayamba kulemba mabuku.

Anaphunzira udokotala, koma mu 1912 anasiya ntchito pachipatala cha ana n'kukayang'anira nyumba ya ana amasiye achiyuda mumsewu wa Krochmalna, mothandizana ndi mayi Stefania Wilczyńska. Korczak ankakhulupirira kuti mwana ndi munthu kale, sadikira kukula kuti apatsidwe ulemu. Choncho panyumbapo ana anali ndi nyumba yawo yamalamulo, nyuzipepala yawo ndi bwalo lawo lamilandu. Oweruza anali anawo, ndipo mwana ankatha kusumira ngakhale mphunzitsi. Korczak yemwe anazengedwapo mlandu kangapo. Ndi mahedimasitala angati angalole zimenezi? Buku lake lotchuka, la Mfumu Maciuś Woyamba, limanena za kamnyamata kolowa ufumu bambo ake atamwalira, komwe kakuyesa kupatsa ana mphamvu zolamulira.

Mu 1939 asilikali a Hitler analanda Poland, ndipo chaka chotsatira Ayuda a ku Warsaw anawatsekera m'dera lozunguliridwa ndi khoma, lotchedwa ghetto. Pa tsiku losamukira kumeneko, asilikali analanda ngolo ya mbatata ya anawo. Korczak anapita kukadandaula asanavale kansalu ka pamkono komwe Myuda aliyense ankayenera kuvala. Anamumenya n'kumutsekera kundende ya Pawiak.

Atatuluka, ntchito yake inali yopemphetsa. Njala ndi matenda zinali kupha anthu m'misewu, ndipo dokotala wokalambayu, ali wodwaladwala, ankayenda khomo ndi khomo kwa anthu opeza bwino kupempha chakudya cha ana pafupifupi 200. Ankawayeza pasikelo monga kale, akuona okha kuti akutha. Maphunziro sanaime. Mu July 1942 anawo anachita sewero la Rabindranath Tagore lonena za mwana wodwala amene akuyembekezera imfa. Zikuoneka kuti Korczak ankadziwa zomwe zikubwera, ndipo ankawakonzekeretsa.

Anzake omwe sanali Ayuda anamupempha kangapo kuti athawe, iwo amubisa. Anakana, chifukwa malo obisa ana onsewo panalibe.

Kumayambiriro kwa August 1942 asilikali anazinga nyumbayo. Ana anatuluka pamzere, Korczak ali patsogolo, mayi Wilczyńska akutsogolera gulu lina, mpaka pamalo okwezera anthu sitima. Sitimayo inawatengera ku Treblinka, komwe onse anaphedwa. Pamalopo lero pali miyala pafupifupi 17,000 yokumbukira ophedwa. Ina inalembedwa mayina a mizinda ndi matauni komwe anthuwo anachokera, ndipo pa mwala wina analembapo dzina la Korczak pamodzi ndi anawo.