Giuseppe Arcimboldo, mmisiri amene anajambula mfumu ndi zokolola

Pakati pa amisiri akale ojambula zithunzi alipo mmodzi amene ife alimi tingamumve msanga kuposa ophunzira a m'tauni. Dzina lake ndi Giuseppe Arcimboldo, wa mumzinda wa Milan ku Italy, amene anamwalira pa 11 July 1593.

Nchito yake anayambira m'chalichi. Kuyambira mu 1549 anali kuthandiza atate ake a Biagio kulemba zithunzi za pa mawindo a chalichi lalikulu la ku Milan, kuphatikizapo za moyo wa Katarina Woyera wa ku Alexandria. Mu 1562 anapita ku Vienna, ndipo anatumikira mafumu aakulu atatu motsatizana: Ferdinand I, Maximilian II ndi Rudolf II, amene anakhazikika ku Prague.

Mu 1563 anajambula mitu inayi ya anthu, uliwonse kuimira nyengo imodzi ya caka ca kwao. Ukaima patali uona nkhope ya munthu. Ukasendera pafupi, munthu uja palibe, pali za kumunda zokhazokha. Mutu wa nyengo yophukira mbewu ndi maluwa okhaokha. Wa nyengo yotentha mphuno yake ndi nkhaka, tsaya ndi pichesi, mano ndi nyemba zoonekera m'khoko long'ambika, covala ndi ngala za tirigu m'mene analukiramo dzina lake ndi caka. Khutu ndi cimanga! Masiku amenewo cimanga cinali mlendo ku Ulaya, cocokera ku America, cosowa kotero kuti cinayenera kuonetsedwa kwa mfumu. Ife kuno ku Chipangali ndico cimadzaza nkhokwe. Wa masika wavala dzungu kumutu, tsitsi ndi mphesa, thupi ndi mgolo wa vinyo wosweka.

Umene umatigwira mtima ndi wacinayi, wa nyengo yozizira. Ndi nkhalamba yopangidwa ndi citsa ca mtengo, makwinya ndi makungwa, milomo ndi bowa, yafunda mkeka. Kumunda kulibe kanthu, kwangotsala ndimu ndi lalanje pacifuwa. Kwao minda imauma m'cisanu. Kwathu nkhalamba imeneyi imafika mu January ndi February, cimanga cili cobiriwira koma nkhokwe ili pululu.

Sikunali kuseketsa cabe. Zithunzizi zinaperekedwa kwa Maximilian pa tsiku loyamba la caka ca 1569, ndipo kunyumba ya mfumu zinamveka motere: monga zipatso zosiyanasiyana zagwirizana kupanga mutu umodzi, anthu ndi nyengo zomwe zili pansi pa ulamuliro umodzi. Ife amene tinaphunzira katekisimu tidziwa Mwini nyengo, ndipo si wa ku Vienna. Tiyesa kuti mmisiriyo anaonetsanso cina cimene mlimi sangaciphonye. Cotsapo nkhaka, tirigu ndi dzungu, pansi pake palibe mnofu kapena fupa.

Mu 1587 anabwerera kwao ku Milan atakalamba. Kumeneko, ca m'ma 1590, anajambula Rudolf mwini wake ngati Vertumnus, mulungu wa nyengo wa Aroma akale, nkhope ndi cifuwa conse zili zipatso, ndiwo ndi maluwa a nyengo zonse zinayi. Mfumu siinakwiye; mu 1592 inam'patsa ulemu wa ukulu. Asilikali a ku Sweden atalanda cuma ca ku Prague mu 1648 anacitenga cithunzico, ndipo lero cili m'nyumba yaikulu ya Skokloster m'dziko lao.