Mbiri ya Khama, Mfumu ya Bamangwato

Mwezi uno tifuna kuika pamaso panu mbiri ya mfumu ina ya kumwera, dzina lake Khama, mwana wa Sekgoma, amene analamulira mtundu wa Bamangwato m'dziko lija kale linatchedwa Bechuanaland, koma lero litchedwa Botswana. Tasankha mbiri imeneyi pakuti kawiri kawiri Akristu afunsana ngati nkotheka kuti munthu agwire ufumu ndi Chikristu pamodzi osataya chimodzi, ndiponso ngati nkoyenera kuti mfumu yokhulupirira isandutse chikhulupiriro chake chikhale lamulo la anthu onse. Khama anayesa zonse ziwiri zaka 48 za ufumu wake, ndipo m'moyo wake muli za kutilimbitsa mtima ndi za kutichenjeza.

Khama anabadwa ngati m'chaka cha 1837, nakulira pa Shoshong, mudzi waukulu wokhala patsinde pa mapiri, m'mphepete mwa chipululu cha Kalahari. Pa mudzi umenewu panadzera njira ya ngolo yochokera kumwera kunka ku Zambezi, ndipo amalonda anali kufikapo kudzagula minyanga ya njobvu ndi nthenga za nthiwatiwa. David Livingstone nayenso anapitirapo m'chaka cha 1842, Khama akali mwana. Atate wake Sekgoma anali mfumu yochenjera, wodziwika pa mankhwala ndi pa kuitana mvula. Pakuti mwa Bamangwato ufumu ndi chipembedzo zinali chinthu chimodzi: mfumu ndiyo inali kupempha mvula kwa makolo, ndiyo inali kulola anthu kuyamba kulima ndi kudya zakucha zoyamba, ndiyonso inali mwini chinamwali cha anyamata, chimene iwo achitcha bogwera. Anyamata odulidwa pamodzi anasanduka gulu limodzi la nkhondo, ndipo mtsogoleri wao anali mwana wa mfumu. Potero mwana wa mfumu wokana miyambo imeneyi anaoneka monga wokana ufumu womwe.

M'chaka cha 1860 Khama anabatizidwa ndi Heinrich Schulenburg, mbusa wa ku Jeremani wa Mpingo wa Lutheran. Mu 1862 anakwatira mkazi Mkristu, Mma-Bessie, mwana wa nduna Tshukudu, ndipo chaka chomwecho anafika pa Shoshong mbusa John Mackenzie wa London Missionary Society. Poyamba Sekgoma sanabvutike nazo, pakuti anaona kuti kudziwa kuwerenga kupindulitsa pa malonda. Ndipo mu 1863, pamene Amatebele a Mzilikazi, abale a Angoni, anadza kudzafunkha ng'ombe, Khama anaturuka ndi apakavalo ake nalimbana nao molimba mtima, kotero kuti onse anaona kuti ubatizo sunamsandutse wamantha.

Koma mu 1865 inakwana nyengo ya chinamwali, ndipo Khama ndi abale ake ena anakana kuperekeza atate wao ku mwambowo. Pamenepo Sekgoma anachita manyazi pamaso pa nduna zake, napsa mtima, nalamula Khama atenge mkazi wina amene anamsankhira kale monga mwa mwambo, kuti ameneyo akhale mkazi wamkulu. Khama anakana, nanena kuti pa nchito ina iri yonse adzamvera atate wake, koma mitala sangathe. Mkangano unakula kufikira nkhondo mu 1866. Khama ndi anthu ake anathawira kumapiri a pamwamba pa mudzi, nazingidwa komweko masabata angapo, osowa madzi. Ndipo mpongozi wake Tshukudu anaphedwa pa chipwirikiti chimenecho. Mackenzie, amene anaona izi ndi maso, analemba kuti Khama sanalole anthu ake kuchitira atate wake choipa, angakhale atateyo anafuna moyo wake. Apa tiona Mkristu wodziwa kusiyanitsa kukana lamulo loipa ndi kunyoza munthu wakulamulayo.

Zaka zotsatira zinali za kusinthana ufumu. Sekgoma anaitana mbale wake Macheng kuti adzathane ndi Khama, koma Macheng anatenga ufumu mwini yekha. Mu 1872 Khama anapitikitsa Macheng mothandizidwa ndi Bakwena, nabweza atate wake kumudzi; koma posachedwa udani unayambanso, ndipo Khama anachoka nanka kumpoto, ku mtsinje wa Boteti, anthu ambiri namtsata. Mu 1875 anabwerera, napambana, nakhazikika pa ufumu kufikira imfa yake.

Tsopano Mkristu uja adakana miyambo ya ufumu ndiye anakhala mwini bwalo, ndipo anthu anayembekeza kuona chimene adzachita pofika nyengo ya dzinja. Khama sanaitane asing'anga a mvula, koma anasonkhanitsa mtundu pa bwalo nachititsa mapemphero a Chikristu a kupempha mvula ndi dalitso pa mbeu. Anaika lamulo la kusunga tsiku la Sabata. M'kupita kwa zaka analetsa chinamwali, nasunga magulu a nkhondo mwa kungowatcha maina pa bwalo popanda mdulidwe. Analetsanso ng'ombe za chiwongo, nalola ana akazi kulandira cholowa cha atate ao. Taonani nzeru yake: sanasiye malo a mwambo ali apululu, koma pochotsa chinthu anaikapo china, kuti anthu asaone ngati mtundu wao wasiyidwa wopanda mtetezi.

Koma chimene chinamveketsa dzina lake kutali ndicho nkhondo yake yolimbana ndi kachaso. Amalonda Achizungu anali kudza ndi migolo ya kachaso, ndipo anthu anali kutaya ng'ombe zao ndi ulemu wao pa chifukwa chake. Khama anawaitana nawachenjeza. Ndipo pamene ena anapeputsa mau ake, naledzera poyera m'mudzi mwake, anawaweruza pa bwalo nawaturutsa m'dziko pamodzi ndi katundu wao. Masiku amenewo sichinali chinthu chapafupi kuti mfumu yakuda ipitikitse Azungu, koma iye anaona kuti mlendo wonyoza malamulo a mwini mudzi sayenera kukhalamo. Pambuyo pake anapitirira, naletsa ndi mowa womwe wa mapira umene akazi anali kufulula m'nyumba zao. Lamulo ili linawawa anthu ambiri, pakuti mowa umenewo unali wa pa dima ndi wa kulandira nao alendo, ndipo linabala kung'ung'udza ndi kufulula mobisa.

Nchito yake yaikuru koposa inali kupulumutsa dziko la anthu ake. Kum'mawa kunali Mabunu a ku Transvaal, kumpoto Amatebele. Chifukwa chake pamene Angelezi analengeza mu 1885 kuti dzikolo likhala pansi pa chitetezo chao, Khama anabvomera. Ngakhale Lewanika, mfumu ya Alozi ku Zambezi, anatumiza kwa Khama kukafunsa uphungu pa za chitetezo chimenechi; ndipo mu 1890 Lewanika anapangana ndi nthumwi ya kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, alikuyesa kuti apangana ndi Mfumukazi mwini wake. Khama nayenso anathandiza kampaniyo: mu 1890 anapereka anthu olambula njira ya ku Mashonaland, ndipo mu 1893 anatumiza ankhondo ake kukamenyana ndi Lobengula. Koma ataona umo kampaniyo inalandira minda ndi ng'ombe za Amatebele, ndi kumva kuti Boma la ku London lifuna kupereka dziko lakenso m'manja mwa Rhodes, anazindikira tsoka lirinkudza.

Potero mu 1895 ananyamuka pamodzi ndi mafumu awiri, Sebele wa Bakwena ndi Bathoen wa Bangwaketse, ndi mbusa W. C. Willoughby, naoloka nyanja, nafika ku Mangalande mwezi wa September. Anaonana ndi Joseph Chamberlain, nduna yoyang'anira maiko a kunja olamulidwa ndi Angelezi. Ndipo poyembekeza yankho lake anayendayenda m'mizinda monga Birmingham, Manchester ndi Glasgow, nalankhula m'matchalichi ndi m'misonkhano ya anthu odana ndi uchidakwa. Kumeneko mbiri ya Khama monga Mkristu woletsa kachaso inamgwirira nchito yoposa mfuti, pakuti Akristu ambiri, amene analinso oponya mavoti, anauza Boma lao kuti lisapereke anthu otere kwa kampani yofuna phindu lokha. Mwezi wa November Chamberlain anabvomera kuti maiko a mafumu atatuwo akhalebe pansi pa Mfumukazi, iwo napereka kachigawo ka kum'mawa kopitamo njanje. Ndipo pa 20 November anaonana ndi Mfumukazi Victoria ku Windsor. Kumapeto kwa December Jameson, mnzake wa Rhodes, anayambira pa Pitsane kukathira nkhondo Transvaal, nalephera, ndipo manyazi amenewo anatsekeratu njira ya kampani. Chotero Bechuanaland sanalowe m'manja mwa kampani monga analowera maiko a Rhodesia.

Koma mbiri yoona siibisa zipsera, ndipo sitidzakhala okhulupirika tikaleka kunena zotsalazo. Mu 1889, chifukwa cha kusowa madzi, Khama anasamutsa mudzi wonse kunka ku Phalatswe, ndipo kumeneko anthu anasonkha chuma chambiri kumanga tchalichi lalikuru, limene makoma ake aimabe kufikira lero. Pa nchito imeneyo mfumu inakangana ndi mbusa James Hepburn, bwenzi lake la zaka 20, ndipo muzu wa mkanganowo unali wakuti, mwini kulamula mu Mpingo ndani, mfumu kapena mbusa? Hepburn anachoka mu 1891 wosweka mtima, namwalira mu 1893. Abale ake a mfumu, Raditladi ndi Mphoeng, amene analinso Akristu, anatsutsana naye pa za ulamuliro wa Mpingo ndi pa lamulo la mowa, ndipo mu 1895 anachoka ndi anthu ao. Khama nafewetsa lamulo la mowa wa mapira, koma la kachaso analisunga. Ndi mwana wake yemwe, Sekgoma wachiwiri, anapatukana naye, nakhala kutali zaka zambiri asanayanjanenso. Ndipo Khama sanalole mipingo ina kumanga m'dziko lake, koma wa London Missionary Society wokha, pakuti anaopa kuti mipingo iwiri idzabala mafumu awiri. Kunalinso Basarwa, anthu a m'chipululu, amene akuru a Bamangwato anawasunga monga akapolo oweta ng'ombe. Khama anachepetsako zowawa zao, koma goli lao silinathyoke m'masiku ake.

Tsono tiona chodabwitsa. Mnyamata uja anakana kukakamizidwa ndi atate wake pa zinthu za chikumbu mtima, atakula anakhala wokakamiza ena. Iye adachotsa chipembedzo chakale m'dzanja la mfumu, koma anagwira chatsopano ndi dzanja lomwelo. Pamene Chikristu chikhala khomo la kukondedwa ndi mfumu, ambiri alowa mu Mpingo ndi miyendo, mitima iri kunja. Ndipo munthu wotsutsa mfumu pa mlandu wa dziko ayesedwa wotsutsa Mulungu. Lamulo likhoza kutseka migolo ya kachaso ndi kutchinjiriza ofooka, ndipo pa ichi mfumu ichita bwino. Koma kutembenuza mtima siingathe, pakuti imeneyo ndi nchito ya Mzimu Woyera.

Mu 1902 Khama anasamutsanso mudzi kunka ku Serowe, ndipo kumeneko anamwalira pa 21 February 1923, ali nkhalamba ya zaka zoposa 80, atayanjana kale ndi mwana wake. Anamuika pa phiri loyang'ana bwalo, ndipo pa manda ake pali fano la gwape, ndiyo nyama ya mfunda wa mtundu wake. Mdzukulu wake, Seretse Khama, ndiye anakhala Pulezidenti woyamba wa Botswana mu 1966, m'dziko lija agogo ake analikaniza kwa kampani.

Abale, inu amene Mulungu wakupatsani mpando, kapena wa ufumu, kapena wa unyakwawa, kapena wa m'Boma, tsanzani Khama pa ichi, kuti chimene anachibvomereza pa ubatizo anachisunga pobisika ndi poyera, angakhale chinafuna kumtayitsa ufumu. Ndipo chifukwa moyo wake unalingana ndi mau ake, anamveka ndi kwa alendo omwe pa tsiku la tsoka. Koma chenjerani ndi msampha umene iye anakodwamo, wa kuyesa Mpingo chuma cha mfumu. Ndipo ife a mu Mpingo tisafune kuti mkono wa olamulira utigwirire nchito imene tiyenera kuichita ndi chiphunzitso, ndi chitsanzo, ndi kupirira. Tikumbuke kupempherera mafumu ndi onse aulamuliro, monga Mtumwi Paulo analangiza Timoteo, kuti Mulungu awapatse kulimba mtima kwa Khama, ndi kudzichepetsa kwa kudziwa polekezera ufumu wao.