Gary Kildall

Gary Arlen Kildall (19 Meyi 1942 – 11 Julayi 1994) anali katswiri wa makompyuta wa ku United States. Amadziwika chifukwa cholemba CP/M, pulogalamu yoyendetsa makompyuta ang'onoang'ono yomwe idafala kwambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1970.

Maphunziro

Kildall adabadwira ku Seattle. Adaphunzira ku University of Washington, komwe adalandira digiri ya PhD pa sayansi ya makompyuta mu 1972. Adaphunzitsa pa Naval Postgraduate School ku Monterey, California, uku akuthandizanso kampani ya Intel, yomwe adaipangira chiyankhulo cholembera mapulogalamu cha PL/M.

CP/M

Mu 1974 adaonetsa CP/M ikusunga ndi kuwerenga mafayilo pa floppy disk. Munthu ankailamula polemba mawu: ikaonetsa chizindikiro cha A>, ankalemba DIR kuti aone mafayilo, ERA kuti afufute, kapena PIP kuti akopere. Mbali yolumikizana ndi zida za makina adaipatula n'kuitcha BIOS, motero wopanga kompyuta aliyense ankangosintha mbali yokhayo. Iye ndi mkazi wake, Dorothy McEwen, adayambitsa kampani ya Digital Research ku Pacific Grove.

Mu 1980 IBM idafuna CP/M pa kompyuta yake yatsopano, koma sadagwirizane. Microsoft idagula 86-DOS, yomwe inkafanana kwambiri ndi CP/M, n'kuipereka kwa IBM monga PC DOS mu 1981. CP/M-86 itatuluka inkagulitsidwa madola 240 pomwe PC DOS inali madola 40, ndipo msika udapita kwa Microsoft. Novell idagula Digital Research mu 1991.

Imfa

Kildall adavulala m'mutu ku Monterey ndipo adamwalira patangopita masiku ochepa, ali ndi zaka 52.

Zomwe adasiya

Kutchula madisiki ndi zilembo, monga C: pa Windows, kudafika kwa ife kudzera mu CP/M ndi DOS. Ma floppy akalewo amawonongeka, choncho osunga mbiri amakopera disiki yonse m'fayilo imodzi yotchedwa disk image. Vuto ndi lakuti makampani ankasanja madisiki a CP/M mosiyanasiyana, ndipo disikiyo siinena yokha momwe idasanjidwira. Wogwiritsa ntchito mapulogalamu a cpmtools amayenera kutchula mtundu wake, kenako cpmls imaonetsa mafayilo ndipo cpmcp imawatulutsa. Akalakwitsa mtundu, amaona mayina osokonekera kapena mafayilo owonongeka.